Mutu 6: Madalitso a Zigamba

1. Zimbale ziwiri

Ku Kara-Bulak maukwati amadikira mbatatesi. Anthu akakumba, nkhosa zikatsika kumapiri zitanenepa, ndiye kuti nyengo yoperekeza ana aakazi yakwana.

Chaka chimenecho ndinkagona kwa mkulu wina dzina lake Asanaly, n'kumamuthandiza kukumba. Nyumba yoyandikana nayo inali ya a Toktobek, amene ankakonzekera kuperekeza mwana wawo woyamba, Aisalkyn. Zina mwa zimene ndikulemba pano ndinaziona ndi maso, zina anandiuza Sezim mwiniwake.

Sezim anali mng'ono wake wa Aisalkyn, mtsikana wa zaka khumi ndi zisanu, wa miyendo yaitali ndi mawu ochepa. Mlongo wake amene ankamanga nyumba za eni ku Moscow anamutumizira laputopu yakale, yobenthuka pakona, kuti izimuthandiza kusukulu. Inamuthandizadi. Koma tsiku lina Sezim anakoperamo pulogalamu yaulere yosakanizira nyimbo, ija amagwiritsa ntchito oimbitsa nyimbo pamaphwando.

Ukaitsegula, pagalasi pamaoneka zimbale ziwiri, china kumanzere, china kumanja. Chilichonse umachisenzetsa nyimbo yakeyake. Pakati pake pali kanthu kotsetsereka kamene Sezim ankakatcha chitseko. Ukachikankhira kumanzere imamveka nyimbo yakumanzere, ukachikankhira kumanja imamveka inayo, ukachiimika pakati zimamveka zonse ziwiri.

Luso lagona pa liwiro. Nyimbo ziwiri zothamanga mosiyana zimapondana ngati mahatchi osazolowerana pangolo imodzi. Ndiye imodzi umaisankha kuti itsogole, inayo n'kuichedwetsa kapena kuifulumizitsa mpaka ziyendere limodzi. Sezim anaphunzira zimenezi yekha m'kanyumba kosungiramo zishalo, mahedifoni ali kukhutu, mpaka aphunzitsi anayamba kumuitana kuti aziimbitsa nyimbo pazochitika za kusukulu.

Bambo ake, a Toktobek, anali woweta mahatchi, koma ankadziwika kwambiri ndi pakamwa. Phwando silinkatha m'chigwa chonsecho iwo asanapereke madalitso. Akaima n'kutambasula manja, ngakhale makanda ankaleka kulira.

M'chisanu chapitacho anagwa m'khola ndi matenda a sitiroko. Dzanja lamanja linafa. Mawu anatsala, koma ankatuluka limodzilimodzi, mokankhana, ngati nkhosa pachipata chopapatiza.

Tsopano mwana wawo woyamba ankapita kubanja, ndipo mwana wamkazi sachoka pakhomo bambo ake asanamudalitse pamaso pa anthu.

2. Nzeru za azakhali

Azakhali a Burul, mlongo wawo wamkulu wa a Toktobek, anabwera kuchokera ku Naryn kudzayendetsa zokonzekera. Anali mayi wamfupi wa mawu aakulu. Tsiku lachiwiri anamuitanira Sezim kuchipinda kumene mayi ake, a Jypar, ankasoka zofunda za zigamba zoti mkwatibwi atenge.

"Khala apa, iwe. Chimakina chakocho chimangodziwa zovinavina, kapena chimathanso kugwira mawu a munthu?"

"Chimatha, azakhali."

"Nanga pomwe munthu wakakamira, ungachotsepo?"

"Ndimaika zizindikiro, n'kumadumpha."

Azakhali anagwedeza mutu, n'kusendera pafupi.

"Tamvera, mwana wa mlongo wanga. Bambo akowo ndinawabereka kumsana ine, ali kamwana ka mamina. Palibe amene amawakonda kuposa ine. Asewere athu akubwera kuchokera ku Bishkek, aliyense foni m'manja. Masiku ano munthu ukangotsokomola molakwika, mawa dziko lonse laonera. Kodi ukufuna bambo ako, munthu amene ankaimitsa phwando lonse ndi mawu, aime pamaso pa alendo akulimbana ndi lilime, ana akusekera m'zikhatho? Ndipo usaiwale mkulu wako. Mtengwa amalowa m'nyumba ya eni atasenza mbiri ya kwawo. Akadzangoswa kapu, azidzati, si uja bambo ake analephera kumudalitsa? Chilonda cha m'banja amachiphimba ndi malaya, mwanawe. Sachionetsa pamsewu."

"Ndiye nditani, azakhali?"

"Uwauze kuti mukuyeserera. Uwajambule mawu masiku angapo, uchotse zokakamira zonse, usoke zabwinozo pamodzi monga akuchitira amayi akowa. Tsiku laphwando ukazimitsa maiki, n'kuimba zimenezo. Iwo azikangogwedeza milomo, alendo adzamva Toktobek wakale."

"Ababa adziwa?"

"Adzadziwa zitatha, ndipo adzatithokoza."

Sezim anayang'ana mayi ake. A Jypar sanadzutse mutu. Anangoluma ulusi n'kutola chigamba china.

3. Kusoka mawu

A Toktobek anakondwera atamva zoyeserera. Tsiku lililonse Sezim akaweruka kusukulu ankawapeza atavala kale chipewa chawo choyera, atakhala mowongoka pafupi ndi zenera.

"Ti... tiyambe?"

"Yambani, ababa."

"Ka... Kajombo kanga."

Limeneli linali dzina la Aisalkyn la paubwana. Ali ndi zaka zitatu ankalowa m'jombo za bambo ake, zomufika m'chiuno, n'kumawatsatira kukhola akuzikwakwaza. Chiyambire pamenepo a Toktobek sankamuitana dzina lina.

"Iwe Toktobek," anatero azakhali ali kukhitchini, "dzina limenelo ulisiye m'khola. Mwanayu akukwatiwa, ndi Aisalkyn."

A Toktobek anayesa. Dzinalo linali lalitali ndipo linkawathyokera m'kamwa. Akatulutsa chiyambi, mapeto ankakana. Mawa lake mapeto ankabwera, chiyambi n'kusowa. Ankatuluka thukuta ngati akukweza thumba la mbatatesi, koma sankaleka.

Sezim ankatenga mawuwo kupita nawo m'kanyumba ka zishalo. Za tsiku lina ankaziika pachimbale chakumanzere, za tsiku linzake pachakumanja. Ankamvetsera mobwerezabwereza, n'kumaika chizindikiro paliponse pamene bambo ake akakamira ndi pamene atulukira. Kenaka ankaimba zonse ziwiri, akudumpha maenje, akukankha chitseko uku ndi uku, pulogalamu ikujambula zotulukazo. Dzina la mkulu wake analilumikiza ndi zidutswa za masiku osiyana. Kajombo anamuchotsa paliponse.

Itatha ntchitoyo anavala mahedifoni n'kumvetsera. Mawu anayenda ngati madzi a mumfuleni, osaima, osagwedera.

Aka kanali koyamba kuwamva bambo ake akale chigwereni m'khola muja. Anabwereza. Anabwerezanso. Kenaka anavula mahedifoni, n'kuimba pasipika ya laputopu kuti mawuwo adzaze kanyumbako, iye atatsamira chishalo, misozi ikutsikira m'khosi.

4. Lumo la a Asanaly

Tsikulo linali Lachisanu, ndipo Lachisanu lililonse a Asanaly ankabwera kudzawameta ndevu a Toktobek. Awiriwa anakulira limodzi, anawetera limodzi, ndipo ankanyozana ngati anyamata.

"Tukula chibwano, nkhalamba iwe. Ndevu zako zauma ngati ziputu."

"Lu... lumo lako... ndi lobuntha."

"Lobuntha ndi iweyo. Khala bwino, ndingakuchotse khutu ukaonekere kwa asewere ngati nkhosa yoikidwa chizindikiro."

Atamaliza, a Asanaly anapita kukatsuka lumo pampopi wa kuseri. Ali pomwepo anamva mnzawo akupereka madalitso m'kanyumba ka zishalo, ndi mawu aja a zaka zakale. Koma mnzawoyo anali atangomusiya m'nyumba, thaulo lili m'khosi.

Anakankha chitseko, lumo likudontha madzi.

"Akuyankhulayu ndani?"

Sezim sanathe kunama. Anafotokoza zonse, za azakhali, za maiki, za zizindikiro. A Asanaly anakhala pachitini cha chakudya cha mahatchi, n'kuvula chipewa.

"Imbanso."

Anamvetsera mpaka kumapeto atatsinzina.

"Ntchito yako ndi yabwino, mwanawe, sindikunamize. Ndamva mnzanga wakale, mtima wanga wadumpha. Koma tandiuza, munthu ameneyu akupumira pati?"

Sezim anayang'ana pagalasi. Mpweya wonse anauchotsa pamodzi ndi zokakamira.

"Palibe pomwe akupuma," anatero a Asanaly. "Kodi unafunsapo chifukwa chake timatambasula manja wamkulu akamadalitsa? Madalitso ndi mpweya. Amatuluka m'chifuwa cha munthu ali ofunda, amagwera m'zikhatho zathu, ndiye timafulumira kuwapaka kumaso asanazizire. Awa akowa anazizira kalekale. Mlendo ungamupatse tiyi wadzana chifukwa choti ali m'kapu yokongola? Azakhali ako akuti ukusoka ngati amayi ako. Iyayi. Chofunda cha zigamba aliyense amaona kuti ndi zigamba, palibe amene akunamizidwa, ndipo kukongola kwake ndi komweko. Iwe ukubisa msoko."

"Akuopa kuti anthu aseka, agogo."

"Mwina aseka. Anthu amaseka ngakhale pamaliro. Koma ganiza izi. Mnzangayo aima pamaso pa mwana wake, atsegula pakamwa, ndipo amva mawu ake omwe akumupitirira ngati galimoto yopitirira munthu woyenda pansi. Adzadziwa pompo kuti a m'nyumba mwake amuyesa wotha. Bambo ako sanafe, Sezim. Chimene wapangachi n'chosungira tsiku limene adzakhale kulibe, ndipo tsikulo udzachithokoza. Usachifufute. Koma ukachiimba iwo ali chiimire, wawaika m'manda akuona."

Anapukuta lumo pabondo, n'kulipinda.

"Ine sindine mwini nyumba ino, sindikulamula. Mawa ukadzuka, usanamwe tiyi, ukasuzumire kuseri kwa khola."

M'mawa mwake Sezim anapita. Anawapeza bambo ake ataima kutsogolo kwa hatchi yawo yaikazi yokalamba. Dzanja lakufalo anali atalinyamula ndi linzake n'kuligoneka pamtanda wa khola, chikhatho chikuyang'ana kumwamba. Lamanzere analitambasula pambali pake. Ankadalitsa hatchiyo.

Akakakamira ankadikira, chifuwa chikukwera ndi kutsika, kenaka n'kupitiriza. Hatchi inkangotafuna udzu. Anayenda choncho mpaka anafika kumapeto.

"Wa... wamva?" anaifunsa hatchiyo. "Nda... ndafika."

Sezim anabwerera m'nyumba chamchetechete. Sanauze munthu chimene anaona.

5. Khutu la tamada

Tsiku laphwando kunacha bwino, mapiri atavala chipale chofewa chatsopano pamwamba. Pabwalo anakhoma chihema chachikulu. Matebulo anadzaza ndi timandasi ta boorsok, mafuta a mkaka, maswiti ndi zipatso zouma, ndipo kuseri nyama ya hatchi inkabwata m'miphika yaikulu.

Woyendetsa mwambo, amene timamutcha tamada, anachokera ku Naryn. Dzina lake anali Ulukbek, mwamuna wa jekete yonyezimira ndi nsapato zosongoka. Anabwera ndi masipika ake ndi maiki, koma mnyamata amene ankamuimbira nyimbo anali atapita ku Russia, ndiye anavomera kuti Sezim akhale pamakina. Kabokosi koyatsira ndi kuzimitsira maiki anakaika patebulo pa Sezim, pambali pa laputopu.

"Tamvera, kamtsikana. Ine lamulo langa ndi limodzi. Chete ndi mdani wa phwando. Pakangoti zii, anthu amayamba kuganiza za kwawo. Ndikagwira khutu chonchi, imba. Azakhali ako andiuza za bambo ako. Ndikagwira khutu, zimitsa maiki, imba zako zija. Wamva?"

"Ndamva."

Phwando linayamba masana. Sezim ankamvetsera nyimbo yotsatira m'mahedifoni inayo ikuimba, n'kufananitsa liwiro, n'kutsegula chitseko pang'onopang'ono, kotero kuti ovina sankadziwa pamene ina yathera ndi pamene ina yayambira. Azimayi amene ankati mawondo akuwawawa anaiwala mawondo. Ngakhale azakhali a Burul anazungulira kawiri ndi mbale m'manja.

Malume wina wa kuchimuna analandira maiki kuti anene mafuno abwino, n'kuyamba kufotokoza za ulendo wake wopita ku usilikali, sitima ndi sitima. Atafika pa sitima yachitatu, tamada anagwira khutu. Sezim anakweza nyimbo, anthu anaomba m'manja, malumewo anakhala pansi akumwetulira, akuyesa kuti awayamikira.

"Ndi zimenezotu," anatero tamada podutsa. "Uli ndi dzanja."

Itadyedwa nyama, nthawi inakwana. Aisalkyn anatuluka atavala chisoti chachitali cha mkwatibwi, n'kuima pakati ndi mwamuna wake. Popita pamenepo anadzera patebulo pa mng'ono wake.

"Iwe miyendo, usandilize ndi nyimbo zako. Ndadzola zodula kumasoku."

"Mulira nokha, akulu. Mwayamba kale."

Pachimbale chakumanzere Sezim anaikapo madalitso osoka aja. Pachakumanja panali nyimbo yodekha ya komuz, kazeze kathu ka nsambo zitatu, imene anaisungira nthawi yoti galimoto ya mkwatibwi inyamuke.

A Toktobek anaima. A Asanaly anawagwirira maiki pakamwa. A Jypar anaima kumanja kwawo, n'kunyamula dzanja lakufalo pachikhatho chawo, kuti manja onse awiri ayang'ane kumwamba. Anthu onse anatambasula manja. Mafoni angapo anakwera m'mwamba.

Tamada anagwira khutu.

Sezim anayang'ana chimbale chakumanzere. Anayang'ananso bambo ake, amene ankakoka mpweya ngati munthu wofuna kuwoloka mtsinje. Maiki anaisiya yoyaka. Chitseko anachikankhira kumanja, ndipo komuz inayamba kulira chapansipansi.

"Ai... Ai..."

Dzinalo linakana. Kamwana kena kanaseka, mayi ake n'kukatsina. Tamada anakoka khutu mpaka linafiira. Azakhali a Burul anamuyang'ana Sezim ndi maso oti akanakhala mpeni akanamucheka.

Sezim sanawaone. Maso ake anali pachifuwa cha bambo ake. Anakweza komuz pang'ono, monga munthu amaika dzanja pamsana pa mnzake. Kenaka anayamba kuichedwetsa. Anaichedwetsa mpaka kulira kwa nsambo kunayamba kugwera pamodzi ndi mpweya wawo, kukwera akakoka, kutsika akatulutsa. Nthawi zonse ankasankha nyimbo imodzi kuti itsogole. Lero wotsogola anali bambo ake.

A Toktobek anamva. Mapewa awo anatsika. Anamuyang'ana mwana wawo wamkulu.

"Ka... Kajombo kanga."

Aisalkyn anaseka ndi kulira nthawi imodzi, n'kugwira pakamwa, kenaka n'kufulumira kutambasulanso manja.

Kuchokera pamenepo anayenda. Akayamba kuyankhula, Sezim ankatsitsa komuz mpaka kutsala ngati mphepo. Akatsala pang'ono kukakamira, ankaikweza kuti iwadikirire. Sankachita kuganizira. Malo onse amene anawadula m'kanyumba muja ankawadziwa pamtima, dzenje ndi dzenje, ndipo ankafikapo iwo asanafike.

"Njira yako... iyere. Kutsogolo kwako... kudzaze ana. Kumbuyo kwako... ziweto. Nsalu ya patebulo pako... isapindidwe... mlendo ali ndi njala. Apongozi ako... uwatche... amayi... ndi mtima."

Mpaka apa anali mawu amene hatchi ija inawamva. Koma a Toktobek sanatsitse manja. Komuz inkayenda yokha. Palibe anatsokomola. Mafoni aja anali atatsika, eni ake atatambasula manja onse awiri.

"Jombo zanga... zinali zazikulu. Su... sunagwe. Za kumeneko... nazonso... udzakuliramo."

Sezim anatsitsa nyimbo mpaka inazima. M'chihema munagwa bata.

"Omiyin," anatero a Toktobek potseka madalitso monga mwa mwambo, liwu limenelo lokha likutuluka lathunthu.

"Omiyin," anayankha anthu onse, n'kupaka zikhatho kumaso.

Bambo a mkwati anadzuka, natenga chikhothi chachitali cha mphatso, n'kuwaveka a Toktobek ndi manja awo, akuwalowetsa dzanja lodwalalo mosamala. Mayi a mkwati anapukuta maso ndi nsonga ya mpango, n'kutambasula mikono kwa mtengwa wawo.

"Bwera kuno, Kajombo. Kwathu jombo ziliko zambiri."

Anthu anaseka, ndipo Sezim anatsegula nyimbo yovina.

6. Pamlatho

Galimoto ya mkwatibwi itanyamuka, zofunda za zigamba zitaunjikidwa kumbuyo, alendo anayamba kubalalika dzuwa lisanalowe. Sezim ankakulunga zingwe pamene azakhali a Burul anafika ndi mbale m'manja. Maso awo anali otupa.

"Mwana wosamva iwe."

"Pepani, azakhali."

"Pepani wa chiyani? Dzina lija lapita naye ku Bishkek, mpaka adzakalamba ali Kajombo. Zonsezi ndi iweyo." Anaika mbaleyo pa laputopu penipeni, kenaka n'kuichotsapo msanga. Munali nthuli yonona, ija amasungira alendo olemekezeka. "Idya. Waima tsiku lonse ngati mtengo wa magetsi."

A Toktobek anabwera pambuyo, akukoka mwendo, chikhothi chatsopano chili pamapewa. Anayang'ana zimbale ziwiri zija pagalasi kwa kanthawi, ngati munthu woyang'ana mahatchi a mnzake.

"Ko... komuz ija... imandidikira."

"Eya, ababa."

"Ndiwe?"

"Ndine."

Anamuika dzanja lamanzere pamutu, n'kulisiya pomwepo pang'ono. Kenaka a Asanaly anawaitana kuti akamwe tiyi, akuti nkhalamba yayankhula zokwana chaka chonse.

Womaliza kubwera anali tamada. Masipika ake anali atalowa kale m'galimoto. Anaima manja ali m'thumba, khutu lake likali lofiira.

"Khutu langali silinanyozedwepo chiyambire ntchito imeneyi."

Sezim anawerama.

"Dzutsa mutu. Ndayendetsa maukwati ambiri, koma sindinaonepo asewere a m'tauni akutsitsa mafoni okha. Unaphunzira kuti?"

"Ndekha, m'kanyumba umo."

"M'kanyumba." Anaseka pang'ono. "Tamvera. Nyengo ino ndili ndi maphwando mpaka chipale chitatseka misewu. Lachisanu ndili ku Kochkor, Loweruka kwina. Ndikufuna dzanja ngati lakoli. Uziyenda nane, uzigwira makina enieni, osati kachidutswa aka. Bambo ako akufunika mankhwala, si choncho?"

"Lachisanu tili ndi mayeso a masamu."

"Sukulu ili ndi miyendo? Uipeza pomwe waisiya." Anatulutsa kakhadi kokhala ndi nambala ya foni yake, n'kukaika pamabatani a laputopu. "Galimoto yanga idzaima pamlatho Lachisanu m'mawa, nthawi imene anzako amapita kusukulu. Ndidzadikira pang'ono. Azakhali ako aja usawauze, ali ndi phokoso."

Anapita. Sezim anatsala akuyang'ana kakhadiko.

"Sezim," anaitana mayi ake kuchokera kumpopi, "makapu awa adzitsuka okha?"

"Ndikubwera, amayi."

Anatseka laputopu kakhadiko kali m'kati. Anatsuka makapu, anasesa m'chihema, anawavula jombo bambo ake. Za tamada sanauze aliyense, ngakhale a Asanaly.

Ku Kara-Bulak mlatho ndi umodzi, ndipo njira ya kusukulu imadutsa pomwepo.